Zenera la Kumanzere

Anthu ankawatcha a Bawuti. Dzinali analitola kufakitale ya zitini kumene anatha zaka makumi atatu ndi zinayi akukonza makina, koma silinabwere chifukwa cha ntchitoyo. Anzawo ankati bamboyu akamanga maganizo, kaya uthire oyilo, kaya ubwere ndi sipanala yaikulu, samasuka. Eni ake dzinalo ankalinyadira. Ankati munthu womasuka msanga ndi amene amaberedwa.

Lachinayi lina m'mawa anatuluka m'nyumba ali ndi envulopu m'thumba la jekete. Panali patatha masabata atatu mkazi wawo atanyamula sutikesi kupita kwa mwana wawo wachisamba, amene ndi namwino, ndipo chomwe chinawachotsa chinali mu envulopumo.

Nkhaniyo inayamba ndi khadi lakuchipatala. A Bawuti analifuna m'madilowa onse, kenaka anatsegula sutikesi ya mkazi wawo, imene chikwatiranireni anali asanaigwirepo. Pansi pa nyuzipepala yoyala m'katimo anapeza kachithunzi kakale kopanda mitundu, kokwana m'chikhatho. Panali mkazi wawo akali mtsikana, atakhala pampando, dzuwa likuwawomba tsaya limodzi, maso atatembenukira kuchitseko. Nkhopeyo a Bawuti sanataye nayo nthawi. Maso awo anathamangira pazenera, ndipo zeneralo linali kumanzere.

Kuti izi zimveke, pafunika kudziwa mmene nyumba za kampani zinalili. Zinamangidwa ziwiriziwiri, zogawana khoma limodzi lapakati. Zonse zinali zofanana, mipando yake ya kampani, utoto wake umodzi, koma zinali zotembenuzana ngati manja a munthu. Ukaima pakhomo la a Bawuti n'kuyang'ana m'kati, zenera la pabalaza linali kumanja ndipo dzuwa linkalowa m'mawa. Kuseri kwa khoma zenera linali kumanzere ndipo dzuwa linkalowa madzulo. Kumeneko kunkakhala dalaivala wa lole ya kampani, mwamuna wosakwatira amene anthu ankamutcha Hutala chifukwa cha kasekedwe kake kobowola khoma ngati hutala ya lole.

Sizinathere pazenera. Pakhoma m'chithunzimo panali wotchi, ya mtundu uja kampani inkapereka kwa aliyense wokwanitsa zaka zisanu, yopanda manambala, ya timizere tokhatokha. Inkanena folo koloko. Folo koloko a Bawuti ankakhala ali pansi pa makina, ndipo Hutala ankakhala atabweza kale lole. Pamsomali pafupi ndi chitseko panapachikidwa ovololo ya mwamuna. Dzanja la mayiwo limene linkaoneka, lakumanzere, linalibe mphete.

Tsiku limenelo anakawapeza mkazi wawo akutsuka makapu, n'kuwaonetsa chithunzicho.

“Nyumba iyi ndi ya yani?”

Mayiwo anapukuta manja, anavala magalasi, anayang'ana, n'kuseka. “Ha! Mwachifukula kuti chimenechi? Taonani khosi langa kale!”

“Sindikufunsa za khosi. Ndikuti nyumba ndi ya yani?”

“Ndi yanu. Nanga ikhala ya yani?”

“Zenera langa linasamuka liti? Linayenda lokha kupita kumanzere?”

Mayiwo anayang'ananso, ulendo uno nthawi yaitali. Anavula magalasi aja. “Za zenera sindikuzidziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti m'nyumba ya Hutala sindinapondemo, ngakhale kukapempha machesi.”

“Chithunzi sichinama, mayi.”

“Zaka makumi anayi ndi chimodzi, bambo.”

“Mlandu suola.”

“Ndiye khalani nacho chithunzi chanucho. Chizikuphikirani.”

Analongedza m'sutikesi yomweyo n'kutuluka, chitseko osachimenyetsa. Kusamenyetsa chitsekoko a Bawuti anakuwerengera ngati umboni wina. Hutala anali atamwalira kalekale, nyumba za kampani zinagwetsedwa, panalibe woti n'kumufunsa. Ana atayamba kuimba mafoni n'kumati bambo akalamba molakwika, iwo anawalamula onse atatu kuti akumane kwa namwino Lamulungu. Ankafuna kukulitsa chithunzicho chikhale ngati thireyi, kuti aliyense adzionere yekha. Akaona, mayi awo akhale komweko mpaka kalekale.

Situdiyo ya zithunzi imene anapitako Lachinayilo inali yopanikizika pakati pa sitolo ya mankhwala ndi okonza mafoni. M'kati munali katani yabuluu, kampando kozungulira, magetsi awiri ovala maambulera oyera ndi kalilole wamtali wopesera. Kuseri kwa kauntala kunali mayi wonenepa wa imvi zoyamba kumene, magalasi akulendewera pachingwe m'khosi.

“Takulandirani agogo. Za chiphaso?”

“Sindine agogo anu. Ndikufuna mukulitse ichi. Osawonjezera kanthu, osachotsa kanthu. Ndipo ndiimirira pompano, sindichisiya.”

“Tilibe njala ya mapepala, bambo. Tachiikani apa.”

Wojambulayo anachigwira m'mphepete ndi nsonga za zala, anakweza magalasi n'kupita nacho pafupi ndi khomo pomwe panali kuwala. Anachiyang'anitsitsa mpaka a Bawuti anatsokomola.

“Anajambula ndani?” anafunsa.

“Ndikanamudziwa ndikanamuthyola miyendo.”

“Mukanalakwa. Munthu ameneyu ntchito ankaidziwa. Taonani. Mayiwa anawakhazika pambali pa zenera, osati kutsogolo kwake. Akanawaika kutsogolo, nkhope ikanada bii ngati kunsi kwa poto, zenera lokha n'kumawala. Apa kuwala kwagwira tsaya ili, kwatsetsereka pakhosi, kukathera padzanja. Tsaya linalo walisiya mumthunzi, koma diso likuonekabe. Achinyamata a lero amangothira fulashi ngati akuthamangitsa mbava.”

“Ine ndabwera kudzakulitsa, osati kusukulu.”

“Ndiponso sanawaike pakati,” mayiyo anapitiriza ngati sanamve. “Wawakankhira mbali imodzi, wasiya danga uku kumene akuyang'ana, kuti maso akhale ndi kopita. Ukachiona umafuna kudziwa kuti kuchitsekoko kuli yani.”

“Amene ali kuchitsekoko ndikumudziwa.”

Mawuwo anatuluka owawa kwambiri moti wojambula anatsitsa chithunzi n'kuwayang'ana. A Bawuti sanali munthu woulula za m'nyumba, koma masabata atatu olankhula ndi ketulo anali atawafewetsa lilime. Komanso ankafuna wina wodziwa zithunzi avomereze. Anafotokoza za nyumba zamapasa, za zenera, za folo koloko, za mphete, chala chawo chikugogoda pakauntala.

“Ndiye inu odziwa kuwala, nenani. Dzuwa limeneli si lamadzulo?”

“Ndi dzuwa lotsika, lolowa chopendekera. Lam'mawa ndi lamadzulo papepala amafanana ngati nyumba zanuzo. Pamenepo sindingakunamizeni.” Anabweretsa chithunzi pafupi ndi mphuno. “Koma bulauzi iyi ikundivuta. Yamangidwa chachimuna.”

“Chiyani?”

“Mabatani. Zovala za amayi mbali yakumanja imapita pamwamba, za abambo yakumanzere. Iyi yapita chachimuna.”

“Matelala amasoka zilizonse akaledzera.”

“N'zoona. Nanga kadontho aka kali pansi pa diso, mayiwa akali nako?”

“Akali nako.”

“Kali mbali iti?”

A Bawuti anatsegula pakamwa. Kadonthoko ankakadziwa, kakuda, kofanana ndi njere ya mpiru. Anayesa kuitana nkhope ya mkazi wawo m'mutu, koma inabwera ili chozondoka, ikuwerama pambaula, ikupita kukhitchini, ikugona moyang'ana kukhoma. Ankadziwa saizi ya nati iliyonse ya makina amene anagulitsidwa zaka khumi zapitazo. Za kadontho anangoti, “Kali pankhope.”

Wojambula sanaseke. Anaika chithunzi pagalasi la makina ake, ndipo posakhalitsa chinatulukira pakompyuta chili chachikulu. Anawalitsa pang'ono mbali yamdima ija.

“Ndikuganiza kuti chithunzi chanuchi chinatsukidwa chotembenuza,” anatero.

“Mwayamba.”

“Tamverani kaye. Kale tinkajambula pafilimu. Filimu ili ndi mbali ziwiri, yonyezimira ndi yosanyezimira. Potsuka, m'chipinda chamdima, umaizindikira ndi chala, chifukwa maso sathandiza mokwanira. Ukapupuluma n'kuiika chagada, chithunzi chimatuluka bwinobwino, chakuthwa, koma zakumanja zimapita kumanzere. Bambo anga anali ndi situdiyo, ndinakulira m'fungo la mankhwala amenewo. Tsiku lina ndinatulutsa ukwati wonse mphete zili kumanja, keke akudula ndi manzere. Khutu ili linatalika tsiku limenelo.”

“Mwana wanga wakuimbirani foni.”

“Mwana wanu sindimudziwa, bambo.”

“Namwino. Wamtali. Nonse amayi mumadziwana. Ndipo chimakina chanuchi chimatha kumuika munthu pamwezi, ndinaona mdzukulu wanga akuchita pafoni. Mukhoza kutembenuza chilichonse.”

“Chabwino.” Mayiyo anazimitsa kompyuta, anachotsa chithunzi pagalasi n'kuwabwezera m'manja. Kenaka anatsegula dilowa, anatulutsa galasi lokulitsira lokhala ndi chogwirira chamtengo chothetheka. “Ili silidya magetsi, silidziwa namwino. Pepala ndi lanu lomwe mwabwera nalo. Ovololo za kampani yanu zinali ndi matumba angati pachifuwa?”

“Limodzi.”

“Mbali iti?”

Pamenepo a Bawuti sanachite kuganiza. Dzanja lawo lamanja linanyamuka lokha n'kukagwa pamtima, pomwe kwa zaka makumi atatu ndi zinayi linkakatenga pensulo.

“Zonse?” anafunsa wojambula.

“Zonse. Kuyambira wosesa mpaka kapitawo.”

“Vulani jekete lanulo, nalonso thumba lili pamtima. Lipachikeni pamsomali uwo, liyang'ane kuno ngati ovololoyo.”

Anavula monyinyirika, atayamba atulutsa chikwama chawo m'thumba lam'kati n'kuchiika m'thalauza. Atalipachika anabwerera m'mbuyo. Thumba la jekete linali kudzanja lawo lamanja. Anawerama pachithunzi ndi galasi lija. Ovololo inkabwera n'kuthawa m'galasimo, mpaka anatsamiritsa chigongono pakauntala. Thumba la ovololo linali kudzanja lawo lamanzere. Anayang'ana jekete, anayang'ana pepala, katatu konse. M'thumbamo munkasuzumira kanthu kowonda, kosongoka mbali imodzi yokha, mmene munthu amasongolera pensulo ndi mpeni kuti izilemba pachitsulo. Hutala sankayenda ndi pensulo. Hutala ankasaina ndi chala.

“Bwerani nacho kuno,” anatero wojambula ataima pakalilole.

A Bawuti anakweza kachithunziko pachifuwa n'kuyang'ana m'kalilole. Zenera linabwerera kumanja. Wotchi inasiya kunena folo, inanena eyiti. Dzanja lopanda mphete linasanduka lamanja, ndipo lamanzere linali pomwe linali nthawi yonseyi, lobisika pansi pa linzake pamimba. Chitseko chimene mayiwo ankayang'ana chinali chawo chakuseri, chotulukira kumpopi. Inali nyumba yawo, m'mawa, ovololo yawo ili pamsomali. Eyiti koloko ovololo ili pamsomali ndiye kuti linali Lamulungu. Pamwamba pa chithunzicho m'kalilolemo panali nkhalamba ya malaya opanda batani limodzi, kukamwa kuli yasa.

Munthu wina akanasangalala. A Bawuti anamva ngati awalanda katundu. Masabata atatu anali atanyamula mkwiyo wokonzeka bwino, wopakidwa girisi, ndipo tsopano unalibe poutula.

“Akuba okhaokha,” anatero potsiriza. “Munthu ukumulipira kuti ajambule nyumba yako, iye akukupatsa ya mnzako.”

“Wojambula analibe mlandu mwina. Ambiri ankapereka mafilimu kwa ena kuti awatsukire.”

“Onsewo. Gulu limodzi.”

“Kaya. Ndiye tikulitsebe?”

“Ndanena kale. Osawonjezera, osachotsa.”

“Mmene pepala lilili, kapena mmene nyumba inalili?”

A Bawuti anavala jekete, anamanga mabatani onse, anabwezera chikwama m'malo mwake. “Mmene nyumba inalili,” anayankha akuyang'ana kumsewu.

“Mudzatenge mawa masana. Ndipo bambo, chikatuluka mudzayang'aneko nkhope. Ndi imene munthu uja ankajambula. Zenera linangomuthandiza.”

Lachisanu masana anatenga chithunzi chachikulu chokulungidwa m'pepala lakhaki. Sanapite nacho kunyumba. Anakhala pabenchi ya pokwerera basi, anang'amba pepala pakona n'kusuzumira, mabasi awiri n'kuwadutsa. Wachitatu anakwera, wopita kwa namwino.

Anawapeza mkazi wawo pakhonde akupinda mpendero wa yunifolomu ya mdzukulu. Namwino anali kuntchito, mkamwini kuntchito, ana kusukulu. Mayiwo anakweza maso pamwamba pa magalasi n'kuwabwezanso pansalu.

“Lamulungu ndi mkuja,” anatero.

“Ndikudziwa masiku.”

“Ndiye mwasochera?”

A Bawuti anakhala pampando wapulasitiki osauzidwa. Anamasula pepala lija n'kutsamiritsa chithunzi pachipilala cha khonde. Kenaka anatulutsa chaching'ono, n'kuyamba kufotokoza za filimu ya mbali ziwiri, za chipinda chamdima, za anthu opupuluma amene amaononga mabanja a eni ake. Anafotokoza bwino, mwadongosolo, ngati akuphunzitsa wophunzira ntchito kumasula pampu. Za thumba la ovololo anazinena kawiri. Mayiwo singano sanaimitse.

“Mwamva?” anafunsa atamaliza.

“Ndamva kuti ovololo yanu yapezeka yosalakwa.”

“Ndikuti nyumbayo ndi yathu.”

“Ndinakuuzani tsiku lomwelo, ndili ndi sopo m'manja. Ine simunandimve. Mwakamva thumba.”

Panadutsa wogulitsa matsache akuitanira malonda. A Bawuti anamuyang'ana mpaka anakhota.

“Kunyumba kuli fumbi,” anatero.

“Matsache ndi amenewo akupitawo.”

Mayiwo analuma ulusi, anabaya singano pakolala ya diresi lawo, kenaka mwadzidzidzi anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. Mawu anatulukira m'kati mwa zala.

“Kadontho kanga kali mbali iti?”

“Kumanzere,” anayankha msanga. “Pansi pa diso, chakumphuno pang'ono.”

Mayiwo anatsitsa manja. Kadonthoko kanali pomwepo, kumanzere, pakati pa makwinya amene m'chithunzi munalibe.

“Mwachita kuuzidwa ndi pepala,” anatero.

A Bawuti analoza chithunzi chachikulucho ndi chibwano. “Mayi wa kusitudiyo akuti wojambulayo anasiya danga dala, kuti munthu azifunsa amene mukumuyang'ana. Chitseko chimenecho ndi chakumpopi. Lamulungu m'mawa kumpopi kunkakhala ine.” Anakhosomola. “Ndiye kuti munkayang'ana ine.”

“Eya, ndinkayang'ana inu.”

Mapewa a bamboyo anatsika pang'ono.

“Musathamange,” anatero mayiwo. “Munali kuseri mukuwongola gudumu la njinga, ndinkamva hamala. Kunabwera bambo wojambula uja ankazungulira m'malayini ndi kamera pakhosi. Bulauzi imeneyo ndinasoka ndekha pamanja, mabatani ake ali bwinobwino, musawanamizire matelala. Ndinali ndi pathupi pa namwino yemweyu, miyezi itatu, ndisanakuuzeni. Ndinkafuna chithunzi chimodzi ndisanasinthe. Ndinamulowetsa mwakachetechete. Iye n'kumachedwa, sunthani mpando, kwezani chibwano, dikirani mtambo udutse. Ine mtima uli thithithi, maso kuchitseko, kuopa kuti hamala ikangosiya mulowa n'kumuthamangitsa ngati galu. Mukuona ngati ndikumwetulira apo? Ndinkamuuza kuti fulumirani.”

A Bawuti anayang'ana chithunzicho. Milomo inalidi yotseguka pang'ono.

“Bwanji simunandionetse?”

“Ndinakuonetsani. Chinabwera patatha masabata awiri. Munali pazenera lomwelo mukupala kiyi. Ndinaima pambali panu, ndinati bambo taonani. Mukukumbuka chomwe munayankha?”

“Zaka zonsezi ndingakumbuke bwanji?”

“Ine ndikukumbuka. Munati, chokani apo mukunditchinga kuwala. Ndinachoka. Ndinakachiika m'sutikesi.”

Anatenganso yunifolomu ija n'kuyamba kufunafuna pomwe analekezera. A Bawuti anasisita maondo. Mawu amene ankafunika ankawadziwa, koma anali ngati nati yadzimbiri yomwe yakhala pamvula chiikireni.

“Ana ndiwaimbira,” anatero. “Ndiwauza kuti za Lamulungu zalephereka. Inu longedzani, tikwere ya faifi.”

“Ayi. Ana munawaitana kuti adzaone manyazi a mayi awo. Wina wasinthitsa tsiku lake la ntchito, wina akuchokera kutali ndi mkazi wake. Abwere. Mudzaimirire pomwe munkafuna kuimirira, ndi chithunzi chanu chachikulucho, mudzanene zimene mwapeza. Osati za filimu. Za inu. Mukadzatero ndidzaona ngati fumbi lanulo likundikhudza.”

“Pamaso pa mkamwini?”

“Pondinyoza munkafuna atuluke?”

Anabwerera okha pa basi ya faifi. Loweruka lonse anakhalira kukonza loko wa chitseko amene sanali wowonongeka. Kangapo konse anaganiza zosapita. Ankati mwina mayi wa kusitudiyo ndi namwino amadziwanadi, mwina anapangana. Koma akafika pathumba la ovololo, maganizowo ankaphwa. Pepala linali lawo, galasi linali lopanda waya, ndipo pensulo anaisongola okha.

Lamulungu masana pabalaza pa namwino panadzaza. Namwino anakhala pafupi ndi mayi ake, nkhope ili gwa ngati akudikira wodwala wovuta. Wachiwiri, mphunzitsi, anabwera ndi mkazi wake. Chitsirizira, amene amayendetsa takisi, anatsamira pachitseko akuseweretsa makiyi. Mkamwini anazimitsa wailesi yakanema n'kuthamangitsira ana panja.

A Bawuti anaimirira, chithunzi chili m'manja. Anayamba ndi nyumba zamapasa. Atafika pafilimu, mkazi wawo anakhosomola kamodzi. Iwo anaima, za filimuzo n'kuzisiya.

“Mayi anu sanapite kulikonse,” anatero. “Nyumba iyi ndi yanga, ovololo iyi ndi yanga. Anandiuza, sindinawamve. Ndinawanamizira.” Anayang'ana pansi, kenaka anatembenukira kwa mkazi wawo. “Ndinalakwa, mayi. Pepani.”

Makiyi a chitsirizira anasiya kulira.

“Alamu, lembani tsiku,” anatero chitsirizira kwa mkamwini. “Bawuti yamasuka popanda oyilo.”

“Iwe, khala chete,” anatero namwino. Anatenga chithunzicho m'manja mwa bambo ake n'kuchiika pamaondo. “Amayi, munali chonchi? Taonani dzuwa mmene lakukonderani.”

“Nawenso ulimo,” anayankha mayi ake, n'kuloza dzanja lija lili pamimba.

Chithunzicho chinayenda m'manja m'manja. Mpongozi anati khosi lake ndi la namwino, mphunzitsi anati mphuno ndi yake, chitsirizira anati iye ndiye sanatengeko kanthu, anatengera bambo. Za zenera panalibe anafunsa. A Bawuti anakhala pansi, tiyi wawo anazizira m'kapu.

Mayiwo sanabwerere tsiku limenelo. Anati yunifolomu yachiwiri sinathe. Anafika Lachitatu pa takisi ya chitsirizira, anaima pakhomo, anayang'ana fumbi, mapoto ndi makapu asanu akuda. Chithunzi chachikulu anachisiya kwa namwino. Chaching'ono chija anachigulira felemu yotchipa, anatenga hamala ya a Bawuti osapempha, n'kukhoma msomali pabalaza, moyang'anizana ndi mpando wa bamboyo.

“Chimenecho ndi cholakwika,” anatero a Bawuti. “Cholondola ndi chachikulu chija. Ichi zenera lili kumanzere.”

“Ndikudziwa. Chikhale pomwepo.”

“Alendo aziti chiyani?”

“Alendo sayang'ana mazenera.”

Chinakhala pomwepo. M'mawa uliwonse a Bawuti akamamwa tiyi, zenera lakumanzere limakhala likuwayang'ana, wotchi ikunena folo koloko. Amang'ung'udzabe za wojambula wa m'malayini ndi anzake otsuka mafilimu, amati anthu oterowo ankafunika kumangidwa. Mkazi wawo amangokokera mpando pafupi ndi zenera lenileni, nsalu pamwendo, ulusi m'kamwa.

Tsiku lina bamboyo anaimirira n'kupita pazenerapo kukaona amene ankagogoda pageti la oyandikana nawo. Anthu ogogoda pamageti a eni sawakhulupirira. Anaima pamenepo nthawi, manja kumbuyo.

“Bambo,” anatero mayiwo, singano ili m'mwamba, diso limodzi lotsinzina. “Mukunditchinga kuwala.”

A Bawuti anatembenuka. Dzuwa linali litagwira tsaya limodzi, la kadontho lija, linalo lili mumthunzi wawo. Anayang'ana kanthawi, kenaka anasuntha.